Funsani Aphunzitsi: Za Mapiri ndi Maulendo a M'tchire

Mvula yakata, fodya akupita ku Chinkhoma, ndipo makalata a mwezi uno adzaza ndi nkhani ya mapiri. Zimatero chaka chilichonse: m'thumba mukangolowa kangachepe, miyendo imayamba kuyabwa. Ndasankhapo asanu. Amene munafunsa za usodzi wa m'madamu mudikire mwezi wamawa.

Aphunzitsi, ndimaphunzitsa Sitandade 7 pasukulu ina ku Santhe. Ana a kalabu ya zachilengedwe asonkha ndalama ndipo akufuna ulendo wokakwera phiri. Iwo akuti Mulanje basi, poti ndi limene amaliwerenga m'buku. Koma ndalamayo singatifikitse n'ku Lilongwe komwe. Titani? (Mayi Nabanda, Santhe)

Mayi, Mulanje asiyeni kaye. Ngakhale ndalama zikanakhalapo, sindikanakulolani kutengera ana a msinkhu umenewo kumeneko musanaone mmene amayendera paphiri laling'ono. Phiri la Kasungu lili pakhomo panu pomwe, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri mwa anawo amangoliona pawindo la minibasi.

Mufike m'munsi mwake dzuwa lisanatuluke bwino. Mupeze munthu wa m'deralo woti akutsogolereni, ndipo mum'patse kenakake, chifukwa wasiya ntchito zake. Mphunzitsi mmodzi akhale kutsogolo, wina kumbuyo kwenikweni, ndipo pasapezeke mwana wopitirira wakutsogoloyo. Anyamata ena amafuna kuthamanga kuti akafike oyamba. Amenewo muwasenzetse madzi a gulu. Pamwamba mukatambasule mapu a boma la Kasungu pathanthwe, ana akaloze okha tawuni, msewu wa M1, damu la Chitete ndi zigafa za m'maesiteti. Phunziro la mapu limene limawavuta m'kalasi limalowa msanga akamaona zinthuzo pansi pawo. Akaonanso okha mmene mitengo yathera, popanda inu kuwalalikira. Nyumba ya Kamuzu ya Nguru ya Nawambe ili m'mbali mwa phiri lomwelo, koma ndi pakhomo pa eni, muingoionera patali.

Ndalama ikatsalako, kapena makolo akaonjezera, ganizani za paki ya Kasungu, kumadzulo kwa tawuni. Inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1970, ndipo kukula kwake imaposedwa ndi Nyika yokha. Mumalowera pachipata cha Lisitu n'kukafika ku Lifupa, kumene kuli damu lokhala ndi mvuu. M'pakimo muli thanthwe lalikulu lotchedwa Black Rock limene ana angathe kukwera, ndipo ukaima pamwamba pake umaona nkhalango yokhayokha mpaka cha ku Zambia. Chimene ine ndimakonda kwambiri si nyama ayi, koma ng'anjo zakale zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo, komanso zojambula za pamiyala. Mwana amene amaganiza kuti khasu linabwera ndi sitolo amabwerako ali ndi mafunso ambiri.

Njovu ziliko. M'zaka za m'ma 1970 zinalipo zoposa 1,000, koma opha nyama mozemba anazimaliza mpaka pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50. Mu 2022 anabweretsamo zina 263 kuchokera ku Liwonde. Kwa mlendo imeneyi ndi nkhani yabwino, koma kwa anthu a m'midzi ya m'malire a paki ndi misozi, chifukwa minda yawonongeka ndipo ena anataya miyoyo. Anawo muwauze mbali zonse ziwiri. Ndipo m'pakimo musatsike galimoto kapena kuyenda wapansi popanda msilikali wa gemu, ngakhale mwana atapanikizika bwanji.

Chinthu china chimene aphunzitsi ambiri sachiganizira ndi yunifolomu. M'pakimo muli kashembe, ntchentche imene imafalitsa matenda a kaodzera, ndipo imakopeka ndi nsalu yabuluu ndi yakuda. Ngati yunifolomu ya pasukulu panu ndi yabuluu, tsiku limenelo ana avale zovala zakunyumba zotuwa kapena za khaki, zamanja aatali. Mwana akayamba kutentha thupi m'masabata otsatira, mukanene kuchipatala kuti anapita kupaki, asakangomuyeza malungo okha.

Mulembe kalata ku ofesi ya paki nthawi ikadalipo, yosainidwa ndi ahedi, yonena chiwerengero cha ana. Amalawi amalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja, ndipo mtengo wa gulu la sukulu akakuuzani komweko. Nyama zimaoneka bwino kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, udzu utauma ndipo zikusonkhana pamadzi.

Aphunzitsi, ndili ndi zaka 26, ndimagula soya ndi mtedza pa Kamwendo. Ndimasewera mpira ndipo mphamvu ndili nazo. Ndikufuna kukakwera Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndekha, kupita ndi kubwera tsiku limodzi, kuti ndisaononge ndalama pa gaidi. Agogo anga akuti kumeneko kuli mizimu ndipo anthu amasowa. Kodi n'zoona kapena akungondiopseza? (Yohane, Mchinji)

Mwana wanga, agogo akowo akunena zanzeru kuposa iwe, ngakhale chifukwa chimene akupereka sichingakhale chimene ine ndingapereke. Anthu amasowadi. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands analowera ku Sapitwa yekha osabwerako. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, wamphamvu ngati iwe, anasiya womutsogolera n'kupitirira yekha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Chinamupha ndi kuzizira.

Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena okwera kuposa pamenepo m'Malawi muno. Vuto lake si kutalika kokha. Chigawo chomaliza ndi miyala ikuluikulu yoti ukwere ndi manja, pena kukwawa m'mipata, ndipo njira imangodziwika ndi tizizindikiro ta penti pamiyala. Kukakhala kowala umationa. Koma mphepo ya chiperoni ikabwera kuchokera ku Mozambique, chifunga chimatsika ngati utsi wa m'chigafa, moti mnzako amene ali mapazi khumi kutsogolo sumuonanso. Miyala imanyowa n'kuyamba kuterera, zovala zimanyowa, ndipo munthu wonyowa pamalo okwera chotero mu Juni kapena Julayi satha usiku umodzi ali bwino. Mpira wako wa pa Kamwendo sungakuthandize pamenepo. Amene angakuthandize ndi munthu woti njirayo anaiyenda kambirimbiri ndipo amadziwa kuyang'ana mitambo n'kunena kuti lero tibwerere.

Za tsiku limodzizo uiwale. Konzekera masiku atatu m'phiri. Ambiri amayambira ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango. Umalembetsa dzina, umalipira, ndipo pomwepo umapeza otsogolera ndi onyamula katundu ovomerezeka. Tsiku loyamba limathera kukwera mpaka kunyumba yogona ya Chisepo, imene ili m'munsi mwa nsongayo. Tsiku lachiwiri umalawirira kupita pamwamba n'kubwerera, lachitatu umatsika. M'nyumba za m'phirizo mumakhala mlonda, nkhuni ndi madzi, koma chakudya ndi chofunda umanyamula wekha. Mtedza wakowo ukazinge wambiri, ndi kamba wabwino kuposa mabisiketi. Unyamulenso juzi yokhuthala, chovala chamvula, tochi ndi nsapato zamapazi okhakhala zimene unayendapo kale. Nsapato yatsopano yogula dzulo pakaunjika imatupitsa matuza usanafike n'pakati pomwe.

Ngati vuto ndi ndalama ya gaidi, peza anzako atatu mugawane. Mtengo mugwirizane muli pansi, musanayambe kukwera.

Uli ndi mwayi kuti mapiri ophunzirirapo uli nawo kwanu. Mapiri a Mchinji, kumene kumachokera mtsinje wa Bua, ndi okwanira kulimbitsa mawondo. Uzikwerako Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri utabereka chikwama cholemera, ndipo uzisamala kwambiri potsika, chifukwa kutsika ndi kumene kumapweteka mawondo kuposa kukwera. Kenaka ukayese phiri la Dedza, la mamita 2,198, limene limakwereka n'kutsika tsiku lomwelo. Ukakhala kumeneko upatuke ukaone zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaziika pamndandanda wa malo a chikhalidwe cha dziko lonse mu 2006.

Za mizimuzo usakaseke ukafika ku Mulanje. Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao a m'mphepete mwa phirilo amalilemekeza ngati malo a makolo, ndipo ulemu umenewu ndiwo unachititsa kuti nalonso lilowe pamndandanda womwewo mu 2025. Akakuuza kuti apa sitiloza chala kapena sitikuwa, tsatira. Ndipo wina akakutsatsa kabokosi ka mkungudza wa m'phirimo usagule. Mtengowo watsala pang'ono kutheratu.

Aphunzitsi, tikumanga ukwati mu Seputembala ndipo tikufuna kukapuma kumalo ozizira a mapiri kwa masiku ochepa. Amuna anga akuti Nyika, ine ndikuti Zomba. Galimoto yathu ndi yaing'ono. Mutiweruze. (Tadala, Kasungu Boma)

Mwanawe, galimoto yaweruza kale. Nyika ndi wokongola kuposa malo onse amene ndinawaona m'dziko muno: zitunda za udzu zosatha, mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya poyera, ndipo usiku kumazizira moti mumasonkha moto m'nyumba. Koma kuchoka ku Rumphi kudutsa chipata cha Thazima mpaka ku Chelinda ndi ulendo wautali wa msewu wafumbi, wofuna galimoto yokwera pansi. Kagalimoto kanu mukakasiya panjira, ndipo mkangano woyamba wa m'banja mukauyambira pomwepo.

Ku Zomba msewu wokwera phiri ndi watala. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe, ndi malo oonera patali otchedwa Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafikapo mu 1965. Choncho mwa awiriwo, mwapambana ndinu.

Koma nonse mwaiwala Viphya, amene ali pafupi. Mukadutsa Jenda pamsewu wa M1 mumayamba kukwera kulowa m'nkhalango ya paini ya Chikangawa. Ku Luwawa kuli damu, malo ogona, bwato ndi njira za njinga m'nkhalango. Msewu wopatukira kumeneko ndi wafumbi, koma mu Seputembala umakhala wouma. Ndalama imene mukanathera mafuta opitira ku Zomba mukagonera usiku wina.

Ndili ndi zaka 61 ndipo ndimamwa mankhwala a BP. Adzukulu akundikakamiza kukwera nawo phiri. Ndingathe? (Bambo Mwale, Mtunthama)

Achimwene, funso limeneli mukafunse kaye kumene mumalandirira mankhwalako. Akakulolani, muyambe ndi kuyenda ndawala pamalo athyathyathya m'mamawa kwa masabata angapo. Paphiri muziyenda liwiro loti mungathe kucheza osabanika. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, mukhale pansi ndipo ulendo uthere pomwepo. Kwa inu ndingasankhe nkhalango ya Ntchisi, kumene mumayenda mumthunzi wa mitengo ikuluikulu. Adzukuluwo anyamule chikwama.

Aphunzitsi, gulu lathu la amayi a mapemphero limafuna kukachezera usiku kuphiri, tikusala kudya. Pali choletsa? (Mayi Nangondo, Kapiri, Mchinji)

Mayi, kupemphera kuphiri sindingakuletseni, ndipo sindine woyenera kutero. Koma mapiri athu ambiri amene amagonedwa ndi magulu a mapemphero asanduka dzala: majumbo, mabotolo, zotsalira za makandulo, ndi fungo loti simungagwade pafupi. Zimenezi zimandipweteka, ndipo ndikunena poti inenso ndine wa mpingo.

Muyambe mwadziwitsa amfumu a m'deralo. Ngati phirilo lili m'nkhalango yotetezedwa ndi boma, ngati ya Mchinji, mukapemphenso ku ofesi ya zankhalango. Kuno kwathu kuli mapiri ndi misitu ina imene ili ndi manda kapena dambwe, ndipo amfumu ndi amene angakuuzeni koyenera kupita ndi kosayenera. Mukwere kukadali kowala kuti muone pokhala, kutali ndi phompho ndi ming'alu ya miyala mmene mumabisala njoka ndi njuchi. Nyengo ino chitedze chauma, choncho musadutse m'mathengo a zilambe, ndipo ana oyamwa muwasiye kunyumba.

Kusala kudya ndi kukwera phiri padzuwa sizigwirizana. Ngati mwambo wanu ukulola madzi, imwani. Ngati sukulola, mukwere madzulo kutazizira, ndipo amayi oyembekezera, odwala shuga ndi okalamba asasale nawo. Mukhale ndi abambo awiri kapena atatu odalirika, tochi zingapo ndi foni yodzaza moto, ndipo wina kumudzi adziwe nthawi imene mukuyembekezeka kubwerera.

Moto ndiwo ndikuopa kwambiri. Kuyambira Ogasiti udzu umakhala wouma ndipo mphepo imakhala yamphamvu, moti khala limodzi limatentha phiri lonse mpaka minda ya m'munsi. Ngati simungathe kugona popanda moto, usonkheni pathanthwe loyera, wina akhale maso kuuyang'anira, ndipo m'mawa muuthire madzi mpaka phulusa lizizire loti mungalikhudze ndi dzanja. Nkhuni mutole zouma zogwa pansi. Mutenge thumba limodzi lopanda kanthu loti mutsitsiremo zinyalala zanu zonse, ndi za amene anagonapo inu musanafike.