Kwa achimwene amene afunsa ngati Snowden anagulitsa dziko lake

Achimwene, mwafunsa kuti popeza maiko onse amachitirana ukazitape, ngakhale amene amatchulana abwenzi, kodi Edward Snowden, yemwe ankagwirira ntchito akazitape a America n'kutulutsa zikalata zawo zachinsinsi mu 2013, anaulula chiyani chachilendo, ndipo kodi si munthu amene anangogulitsa dziko lake basi. Mwawonjezeranso kuti wopanda chobisa alibe chifukwa choopera kuti wina akumumvetsera, choncho nkhaniyi sikutikhudza ife a kuno ku Mchinji. Pa mfundo yoyambayo ndikugwirizana nanu pang'ono, koma pa zinazo ayi, ndipo ndikupempha kuti mundipirire chifukwa yankho langa litalikirapo.

Ndi zoona kuti maiko ogwirizana amazondana. Mu Okutobala 2013, zikalata zimene Snowden anatulutsa zitasonyeza kuti bungwe la akazitape la NSA la ku America linkatchera khutu pa foni ya Angela Merkel, mtsogoleri wa Germany pa nthawiyo, mayiyo anakwiya n'kunena kuti kuzondana pakati pa abwenzi n'kosayenera. Sipanadutse zaka ziwiri, zinadziwika kuti bungwe la akazitape la dziko lake lomwe la Germany, la BND, linkathandiza NSA kuzonda akuluakulu ena a ku Ulaya, kuphatikizapo a ku France. Mu 2021 wailesi ya ku Denmark inaululanso kuti akazitape a dzikolo anathandiza NSA kumvetsera Merkel yemweyo kudzera m'zingwe za intaneti zodutsa kwawo. Ngakhale Israel, bwenzi lapamtima la America, anali ndi kazitape wake mkati mwa nthambi ya asilikali apanyanja a America, Jonathan Pollard, amene anagwidwa mu 1985 n'kukhala m'ndende zaka 30. Mpaka apa simunalakwe, ndipo ine sindikhetsera Germany misozi yambiri, chifukwa ali ndi ndalama, akatswiri ndi makina oti adzitetezere komanso kubwezera.

Pamene tikusiyana ndi pa mawu akuti onse amachita, chifukwa amamveka ngati maiko onse ali ndi makutu ofanana. Taganizirani kuti mwakolola mtedza, ndipo usiku mwagwirizana ndi akazi anu kuti mawa ku Kamwendo muyambira pa mtengo wakuti, koma vendayo akaumirira mutsika mpaka pakuti chifukwa fizi ya mwana ikufunika Lolemba. Ngati vendayo anali kuseri kwa zenera n'kumva zonsezo, m'mawa mukambirana naye mwamtendere, mugwirana chanza, koma malondawo anatha kale usiku uja inu osadziwa.

Zoterezi zinachitikira dziko la Timor-Leste, dziko laling'ono ndi losauka limene linalandira ufulu wodzilamulira mu 2002 mothandizidwa kwambiri ndi Australia. Mu 2004 maiko awiriwa ankakambirana za kagawidwe ka mafuta ndi gasi wa pansi pa nyanja imene ili pakati pawo. Malinga ndi umboni wa mkulu wina wa akazitape a Australia, amene makhothi amamutchula kuti Witness K, anthu awo anatchera zipangizo zomvetsera m'zipinda zimene nduna za Timor-Leste zinkakumaniramo, ndipo anachita zimenezi pobisala mu ntchito yachithandizo yokonza maofesi a boma. Pangano linasainidwa mu 2006. Nkhaniyo itatuluka, Timor-Leste anakadandaula ku makhothi oweruza milandu ya pakati pa maiko ku The Hague, ndipo mu 2018 anasaina pangano latsopano la malire a panyanja lomukomera kuposa loyamba lija. Nanga amene anaimbidwa mlandu ndani? Sanali amene analamula kuti zipangizozo zitcheredwe, koma Witness K ndi loya wake Bernard Collaery. Witness K anapatsidwa chilango cha miyezi itatu chosakagwira ukaidi mu 2021, ndipo mlandu wa loyayo unathetsedwa mu 2022. Ndakhalitsa pa chitsanzochi chifukwa dziko lathu nalonso limakhala pa tebulo kukambirana za migodi, za ngongole ndiponso za malire a nyanja, ndipo maofesi athu ambiri ndi makompyuta ake timachita kulandira ngati mphatso.

Africa sanasiyidwe pa zimenezi. Kumayambiriro kwa 2003, pamene America ndi Britain ankafuna chilolezo cha United Nations choti akathire nkhondo Iraq, mayi wina womasulira zinenero ku bungwe la akazitape la GCHQ la ku Britain, Katharine Gun, anatulutsa kalata ya NSA yopempha thandizo pomvetsera nthumwi za maiko amene mavoti awo anali asanadziwike. Atatu mwa maikowo anali a kuno: Angola, Cameroon ndi Guinea. Mayiyo anaimbidwa mlandu, koma boma linausiya mu Febuluwale 2004 umboni usanayambe kumvedwa. Mu 2018 nyuzipepala ya Le Monde inalemba kuti kwa zaka zisanu zinthu za m'makompyuta a likulu la African Union ku Addis Ababa, nyumba imene China anamanga ngati mphatso, zinkatumizidwa usiku ku Shanghai, ngakhale China anakana kwamtuwagalu. Ndipo mu 2020 zinadziwika kuti kampani ya ku Switzerland ya Crypto AG, imene inagulitsa makina obisira mauthenga ku maiko oposa 120, eni ake enieni kuyambira 1970 anali bungwe lina la akazitape la America, la CIA, ndi BND. Maboma ankalipira ndalama zawo kugula loko amene kiyi wake wina anatsala kwa wogulitsa.

Tsopano za Snowden mwiniwake. Chinthu choyamba chimene nyuzipepala ya The Guardian inasindikiza mu Juni 2013 sichinali cha Merkel, koma lamulo lachinsinsi la khothi lokakamiza kampani ya mafoni ya Verizon kupereka ku NSA tsiku lililonse ndandanda wa mafoni a makasitomala ake, wosonyeza amene waimbira, amene waimbiridwa, nthawi yake ndi kutalika kwa kuyankhulanako. Anthu amenewa sankaganiziridwa mlandu uliwonse. Miyezi itatu izi zisanatuluke, mkulu wa akazitape James Clapper anafunsidwa m'nyumba ya Senate ngati NSA imasonkhanitsa zinthu zokhudza mamiliyoni a nzika za America, ndipo anakana. Ngati aphungu amene ntchito yawo ndi kuyang'anira akazitape akuyankhidwa chomwecho pamaso pa dziko lonse, kodi munthu wamkati amene akuona cholakwika akadandaule kwa yani? Mu 2015 aphungu anasintha lamulo n'kuletsa kusonkhanitsa kwa chisawawa kumeneku, ndipo mu 2020 khothi la apilo la ku America linagamula kuti ntchitoyo inali yosemphana ndi malamulo.

Sindikunena kuti Snowden ndi mngelo. Anatenga zikalata zochuluka kwambiri, zina zokhudza ukazitape wamba umene dziko lililonse limachitira adani ake, ndipo omudzudzula sakulakwa akamafunsa ngati zonsezo zinafunika kuchoka m'manja mwa boma. Kukhala kwake ku Russia, kumene anapatsidwa unzika mu 2022, kumandivutanso, popeza kumeneko woulula zinsinsi za boma sangaone dzuwa. Komabe tizikumbukira kuti anatsakamira pa bwalo la ndege ku Moscow boma lake litafafaniza pasipoti yake, ndiponso kuti lamulo limene akumuimbira nalo mlandu, Espionage Act ya 1917, silipatsa woimbidwa mlandu mpata wodziteteza ponena kuti anaulula pofuna kuthandiza anthu. Wogulitsa dziko amapereka zinsinsi mobisa kwa dziko lina n'kulandira malipiro, monga anachitira Pollard kwa amene ankamutuma. Snowden anapereka kwa atolankhani, n'kudzitchula yekha dzina pasanathe sabata.

Ndikuvomerezanso kuti si kuulula kulikonse kumene kumapindulitsa anthu wamba, ndipo umboni tili nawo kwathu konkuno. Mu Epulo 2011 kalata yachinsinsi ya kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, yonena kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika akulamulira mwankhanza ndipo safuna kudzudzulidwa, inatulukira m'nyuzipepala. Kazembeyo anathamangitsidwa, Britain anabwezera pothamangitsa woimira Malawi ku London, kenako anaimitsa thandizo la ku bajeti. Kazembe kulembera boma lake zimene akuona si ukazitape, ndi ntchito imene anatumidwa, ndipo kalatayo sinatiuze chimene sitinkachidziwa. Amene anamva kuwawa anali odwala m'zipatala ndi ife amene tinkagona pa mizere ya mafuta. Choncho ine woulula ndimamuyeza pofunsa ngati chimene watulutsa ndi cholakwa chimene akuluakulu ankabisira anthu awo omwe, kapena ndi chinsinsi chabe chimene kutuluka kwake kwangoyambanitsa anthu.

Mawu anu akuti wopanda chobisa saopa ndi amene andidabwitsa kwambiri, makamaka pochokera kwa munthu wa kuno kumalire. Mwina ndinu wamng'ono, koma funsani akuluakulu a ku Mkanda kapena ku Kapiri mmene zinalili nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la Kamuzu, pamene a Special Branch ndi apayoniya anali ndi makutu m'mabasi, m'malo omwera mowa ndi m'masukulu, ndipo kalata yochokera kwa mbale wa ku Chipata inkatha kukuika m'mavuto. Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagwidwa mu Disembala 1981 m'dera lomwe lino la malire a Zambia, ndipo bamboyo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ambiri amene anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu analibe chobisa chilichonse, koma wina anangomva mawu awo n'kukawapotoza. Vuto la kumvetseredwa n'lakuti amene amasankha chimene chili cholakwa ndi womvetserayo, ndipo womvetsera wa lero si amene adzakhalepo mawa. N'chifukwa chake olemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 anaikamo gawo 21, loletsa kulowerera pa makalata ndi mauthenga a pa lamya a munthu.

Lero boma silifunikanso kazitape m'basi. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo pa nambala yomweyo pamadutsa ndalama za Mpamba kapena Airtel Money, mauthenga athu, ngakhalenso chizindikiro cha dera limene tili. MACRA itagula makina a CIRMS, amene anthu anawatcha makina aukazitape, inanena kuti ndi oonera ubwino wa netiweki ndi ndalama zimene makampani a mafoni amapeza. Ena anakatsutsa kukhothi ndipo poyamba anapambana, koma khothi la Supreme linadzalola kuti makinawo agwire ntchito. Mwina cholinga chake ndi chomwecho ndithu, ndipo sindikukana kuti apolisi amafunika njira zotsatira mbava ndi ozembetsa anthu amene amadutsa pa Mwami ndi njira zachidule za m'malire muno. Chimene ndikufuna ine n'chakuti aliyense wofuna kuona za pa foni ya munthu azikatenga kaye chilolezo kwa woweruza, ndipo pakhale wina wodziimira payekha amene angathe kufufuza ngati zimenezi zikutsatidwa.

Nanga wogwira ntchito m'boma akaona kuti sizikutsatidwa, angayankhule? Mu Julayi 2015 Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, anaphedwa mwankhanza ku Lilongwe. Mu Epulo 2022 mtolankhani Gregory Gondwe anamangidwa n'kulandidwa foni ndi kompyuta atalemba nkhani yochokera pa chikalata cha boma chimene wina anamutsina nacho khutu, ndipo chimene ankafunsidwa chinali dzina la amene anamupatsa chikalatacho. Kalaliki wa ku Capital Hill amene anawerenga nkhani ziwirizi, ndipo ali ndi ana kusukulu komanso lendi yoti alipire, mukuganiza kuti mawa akaona fayilo yokayikitsa adzaimbira ndani, pa foni imene inalembetsedwa m'dzina lake?