Kodi oweruza angaloleze zimene anthu ambiri akukana?

Bambo wina wa ku Mufakose, amene makolo awo anachokera ku Dedza, andilembera kalata pa imelo. Akuti anatsutsana pa foni ndi mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo funso lawo ndi ili: ngati anthu ambiri sakufuna ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha, kodi oweruza ochepa amene sanasankhidwe ndi anthu angauloleze muno mu Zimbabwe monga zinachitikira ku South Africa?

Bambo, malinga ndi momwe malamulo alili lero, khoti la muno lilibe mphamvu imeneyo. Ndime 78(3) ya malamulo oyendetsera dziko lino imaletsa mosapsatira kuti amuna kapena akazi okhaokha akwatirane, ndipo malamulowa tinawavomereza tokha pa riferendamu ya pa 16 Malichi 2013. Ndimakumbukira mzere wa tsiku limenelo pa sukulu ya kwathu ku Highfield, agogo ena atakhala pa chitenje pamthunzi kudikira kuti aviike chala mu inki. Woweruza analumbira kuteteza malamulo amenewa, kotero sangafafanize mawu amene alembedwamo. Popeza ndimeyi ili m'chaputala 4, cha maufulu, kuisintha kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu m'nyumba zonse ziwiri, kenako riferendamu ina.

Za ku South Africa mwana wanu sananame kuti ukwatiwu ndi wololedwa kumeneko, koma nkhaniyo ili ndi mutu wake. Malamulo awo a 1996, m'ndime 9, amaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amakopeka naye, ndipo mawuwo anawalemba ndi andale osankhidwa ndi anthu. Pa mlandu wa Fourie, pa 1 Disembala 2005, khoti linaona kuti lamulo la ukwati likuwombana ndi ndime imeneyi, ndipo linapatsa Nyumba ya Malamulo chaka chimodzi kuti ikonze. Aphungu ndi amene anakhazikitsa Civil Union Act, lamulo loloza maukwati oterewa, mu Novembala 2006. Ku America zinali zina: mu 2015, pa mlandu wa Obergefell, oweruza 5 anagonjetsa anzawo 4 n'kuloleza ukwatiwu potanthauzira malamulo osatchula n'komwe nkhaniyi, ndipo dandaulo longa lanuli linamveka ngakhale pakati pa oweruzawo.

Pamene sindikugwirizana nanu ndi pa mawu anu oti chimene ambiri anena ndicho chilungamo. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza 5 ku Lilongwe anathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo ambiri a ife kuno tinatchera khutu tsiku lonse pa mafoni, chigamulo chikuwerengedwa mpaka usiku. Oweruza amenewo nawonso sanavoteredwe ndi aliyense. Tinawayamikira chifukwa anaika lamulo pamwamba pa amene anali ndi mphamvu, ndipo mphamvu ya chikhamu nayonso imafunika malire. Ife ana ndi adzukulu a anthu obwera tikulidziwa bwino phunziroli, pakuti kwa zaka zambiri zitupa za makolo athu zinali ndi chizindikiro chosonyeza kuti ndi alendo, ambiri analandidwa mwayi wovota, ndipo anthu ochuluka sanaone vuto. Chimene chinatithandiza ndi mawu olembedwa m'malamulo a 2013 omwewa.

Ndikupemphaninso kuti musiyanitse ukwati ndi ndende, chifukwa pokangana timazisakaniza. Mu 2010 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene khoti linawaona ngati amuna okhaokha, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 14 atachita chinkhoswe ku Blantyre, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Makhoti a ku Botswana, mu 2019 ndi 2021, anachotsa chilango chotere popanda kuloleza ukwati, pamene ku Malawi, mu Juni 2024, khoti linakana kuthetsa malamulo opereka chilangowo n'kusiyira nkhaniyo aphungu. Ine mtima wanga umawawa ndi zaka 14 zija, ndipo ndikukhulupirira kuti munthu angathe kusunga chiphunzitso cha mpingo wake pa za banja popanda kufuna kuti mwana wa mnzake akafere ku ndende ya Chichiri. Mukadzayankhulanso ndi mwana wanu, yambani mwagwirizana kuti mukukambirana funso liti mwa awiriwa.