Sola ikuchuluka, nanga bwanji jenereta ikulirabe ku Kapata?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya bambo wina wa ku Kapata, mu Chipata kum'mawa kwa Zambia, amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mazenera. Anafunsa kuti: "Tikumva kuti dziko likumanga sola kuti tisiye dizilo ndi malasha. Nanga bwanji ine ndikugulabe petulo wa jenereta, ndiponso ku Maamba akuwonjezera makina a malasha a mumgodi? Kodi sola imeneyi idzatipindulira ife?"

Zikomo bambo. Idzatipindulira ndithu, koma njira yake ndi yozungulira, imadzera ku damu la Kariba.

Malaiti athu ambiri, kuposa 80 peresenti, amachokera ku madzi. Sitesheni ya Kariba North Bank ikhoza kutulutsa mamegawati (muyezo wa mphamvu ya malaiti) 1,080, Kafue Gorge yakale 990, Kafue Gorge Lower 750. Makina oyamba a malasha a mumgodi ku Maamba amapereka 300 okha. Ndiye kuno mafuta a jenereta ndi malasha a mitengo amalowa kwambiri pamene mvula yakana. Tinaziona mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti n'kumapita mpaka maola 21 pa tsiku.

Inu mukukumbukira bwino mmene msika unalili. Pakhomo la shopu iliyonse kajenereta kakubangula, utsi wabuluu uli tolotolo m'tinjira, kamnyamata kakuthamanga ndi chigubu cha malita asanu kupita ku filing'i sitesheni. Wometa tsitsi ankaima pakati pa mutu wa munthu petulo akatha. M'mamawa njinga zinkalowa m'tauni zitasenza matumba a malasha a mitengo osanjikizana mpaka kubisa wopalasayo, chifukwa amayi amene ankaphikira pasitovu anabwerera pambaula. Dizilo ndi petulo amene ine ndikufuna athe ndi ameneyu, wotuluka m'thumba la munthu wamba, pamodzi ndi mitengo ya m'mapiri mwathu imene ikuthera m'mauvuni.

Sola yaikulu inayamba mu 2019 ku Lusaka South, pamene anatsegula Bangweulu ya mamegawati 54 ndi Ngonye ya 34. Mu 2024 kampani ya Copperbelt Energy Corporation (CEC) inatsegula Itimpi ku Kitwe, ya 60, ndipo mu 2025 kunabwera Chisamba ya 100. Zinayi zimenezi mukaziphatikiza zikukwana 248, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a Kariba North Bank, komanso zimagwira masana okha. N'chifukwa chake jenereta yanu sinapumebe.

Koma apa ndi pamene pagona nkhani. Madzi a ku Kariba sitimangotunga mmene tafunira. Bungwe la Zambezi River Authority limagawira Zambia ndi Zimbabwe mlingo wa madzi wa chaka chonse, ndipo mukaumaliza msanga, kwatsala n'kuyang'ana kumwamba. Damu lili ngati nkhokwe ya chimanga. Masana sola ikasenza katundu, a kampani ya malaiti ya ZESCO akhoza kuchepetsa makina a madzi, madziwo n'kutsala kuseri kwa khoma kudikira madzulo, nthawi imene nyumba iliyonse yayatsa sitovu. Mayiko ena akugula mabatire okwera mtengo kuti asunge mphamvu ya dzuwa; ife tili nalo kale batire lalikulu, longofunika kulisamala. Ndipo dzuwa limaswa mtengo mu September ndi October, miyezi yomweyo imene madzi amakhala akutsika.

Za Maamba sindikubisirani, sizindisangalatsa. Mu 2024 anayambadi ntchito yowonjezera mamegawati ena 300. Ndikumvetsa chifukwa chake: migodi ya kopa simagona, imafuna mphamvu usiku ndi usana, mvula igwe isagwe. Komabe makina a malasha akamangidwa amakhala zaka makumimakumi akufuka, pamene Bangweulu inagwirizana zogulitsa yuniti imodzi pa masenti pafupifupi 6 a dola ya ku America, mtengo wotsika kwambiri. Ndalama zatsopano ndikadakonda zizipita kumeneko.

Ife a kum'mawa tili ndi chifukwa chinanso. Tili kumapeto kwa waya. Malaiti athu amayenda mtunda wautali kuchokera ku Pensulo, kufupi ndi Serenje, kudzera ku Msoro, asanafike ku Chipata. Mphamvu yopangidwira konkuno ingatilimbitse. Ku Chitandika, mudzi wa konkuno kum'mawa, anthu anayamba kuyatsa malaiti a sola ya m'mudzi mu 2019, osadikira mapolo ochokera kutali.

Tsono za shopu yanu. Mwayi wanu ndi woti ntchito yowotcherera imachitika dzuwa lili pamutu, ndiye simukufunika mabatire ambiri, omwe ndiwo amadula koposa. Koma makina akale aja olemera, a transifoma, amakoka moto wambiri poyamba ndipo akhoza kuwotcha inveta yaing'ono, kachipangizo kosintha moto wa sola kukhala wonga wa ZESCO. Yambani mwagula makina owotcherera amakono opepuka, kenako muitane katswiri ayeze mphamvu ya makinawo pamodzi ndi girayinda musanagule panelo ngakhale imodzi. Mumufunsenso za malamulo a net metering amene anatuluka mu 2024, olola munthu kubweza ku waya wa ZESCO mphamvu imene yatsala. Jenereta musaigulitse msanga, idzakuthandizani mu January kukachita mitambo. Ingolembani m'kabuku ndalama za petulo za mwezi wathunthu, mupite nako kwa katswiriyo.