Kwa achimwene ofunsa zopalasa njinga pa phiri la Zomba

Achimwene, mwati mwagula njinga ya gravel (yopangidwira misewu yafumbi ndi timiyala) pa kaunjika, mwatopa kulimbirana msewu ndi maminibasi komanso akabaza ku Limbe, ndiye mukufuna phiri loti mukapalase tsiku lonse pa msewu wafumbi osamva hutala kumbuyo. Anzathu akuyankhani kale kuti Zomba. Nanenso ndikuti Zomba, koma ndiwonjezepo zomwe sanakuuzeni, poti ine phiri limeneli linandiphunzitsa ndi zigongono ndi mawondo omwe.

Bata mukulifunalo silimayambira m'tauni. Msewu wokwera kuchoka mu Zomba kukafika pa hotela ya Ku Chawe ndi watala, wokhotakhota, ndipo galimoto zimadutsamo ndithu, makamaka Loweruka ndi Lamulungu pomwe anthu akupita kukapitidwa mphepo. Pamenepo mumakwera mamita oposa 500, ndiye ngati ndi ulendo woyamba musadzivute kusonyeza mphamvu. Kwezani njinga pa galimoto mpaka pamwamba, miyendo muisungire kutsogolo. Mukadutsa hotela ija n'kulowa m'misewu ya m'nkhalango, phula limatha, phokoso nalonso limathera pomwepo. Mutha kupalasa ola lathunthu mukungomva matayala akutafuna timiyala ndi madzi a Mulunguzi akusosoma m'munsi.

Koma mawu oti kulibe galimoto muwamve bwino. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ya boma, yoyang'aniridwa ndi dipatimenti ya zankhalango, ndipo mbali yaikulu ndi minda ya paini yomwe imadulidwa. Misewu mukapalasemoyo anailambulira ntchito ya mitengo, osati masewera athuwa. Tsiku lina mudzakumana ndi lole yodzaza zigogo kapena thirakitala pa kona yomwe simumayembekezera, lina mudzakumana ndi galimoto ya alendo ikukwawa kupita ku malo oonera patali a Emperor's View. Ndi zowerengeka, mwina ziwiri zitatu tsiku lonse, koma vuto lake n'lomwelo: munthu umazolowera kuti msewu ndi wako wekha, n'kuyamba kudula makona. Khalani kumanzere ngati muli pa Chipembere Highway pomwe.

Amene mudzakumane nawo kwambiri ndi anthu oyenda pansi. Amayi osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, anyamata okankha njinga zomanga nkhuni kapena matabwa mpaka kumwamba. Munthu wosenza mtolo wotere satha kutembenuka msanga, ndipo akatembenuka mtolo wonse umazungulira n'kutseka msewu. Chepetsani liwiro mukadali patali, nenani "zikomo amayi" kapena "wawa bambo" mokweza, dikirani akuoneni. Iwo ali pa ntchito, ife tikungocheza. Ndimachita manyazi ndikaona anzathu ovala zothina akudutsa anthu ngati mphepo popanda ngakhale moni.

Tsopano nkhani yeniyeni, yomwe ndalembera zonsezi. Pa Zomba chomwe chingakuvulazeni si galimoto ayi, ndi mtsetse. Ife a m'tauni timaopa chitunda, timaiwala kuti chomwe wakwera uyenera kuchitsika. Ulendo wanga woyamba ndinapita ndi mabuleki akutha, ndikuti adzakwanira. Potsika kuchokera ku mbali ya dzenje lotchedwa Chingwe's Hole ndinagwira mabuleki osasiya kwa nthawi yaitali, anatentha, ndipo ndinangomva dzanja likufinya chabe njinga ikupitabe. Ndinaigwetsera dala m'tchire la m'mbali. Chigongono chinasupuka, handulo inapindika, ndipo mtunda wotsalawo ndinatsika wapansi ndikuikankha, anyamata a nkhuni akundipepesa uku akubisa kuseka. Iwo njinga zawo zambiri mabuleki ake ndi a mwambo chabe, koma phirilo amalidziwa, amadziwa potsika n'kuyamba kukankha.

Ndiye musananyamuke, pitani kwa wokonza njinga akaone mabuleki onse awiri, ndipo njinga za pa kaunjika nthawi zambiri zimabwera mapadi atadyeka kale. Ngati ndi a disiki tengani mapadi ena apadera m'thumba, chifukwa pamwamba paja simukawapeza. Potsika musagwire mosalekeza. Gwirani mwamphamvu pang'ono msewu ukadali wowongoka, siyani azizire, gwiraninso musanalowe pa kona. Mukafinya buleki yakutsogolo muli kale pakati pa kona ya timiyala, tayala limaterereka ndipo mumadzazindikira muli pansi. Manja akhale kumunsi kwa handulo yopindikayo, matako muwabweze kumbuyo kwa chishalo, zigongono zikhale zomasuka. Masamba ouma a paini nawonso ndi achinyengo, amaoneka ngati kapeti koma amaterera ngati therere. Helemeti sindikambanso, valani basi.

Matayala musawapope gwa ngati mukupita pa phula. Ambiri timaganiza kuti tayala lolimba ndiye lothamanga, koma pa miyala limangodumphadumpha, silimagwira nthaka, ndipo pofika madzulo manja amachita dzanzi. Ngati matayala anu ndi a mamilimita 40 kapena kuposerapo, yambirani pa 35 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) kapena pafupi pamenepo, muonjezere pang'ono ngati ndinu wathupi. Osaphwetsanso kwambiri, chifukwa mukagunda mwala limu imaluma chubu n'kuboola pawiri. Akakhala matayala owonda a mamilimita 32, mupalasabe koma malo ena a miyala mudzatsika n'kukankha. Magiya nawo ayang'aneni: giya yopepukitsitsa ikhale yoti mano akutsogolo ndi akumbuyo akufanana, monga 34 kwa 34, kapena akumbuyo achuluke. Kupanda apo zitunda za kumeneko zidzakuswani mawondo. Chubu chapadera, zigamba ndi guluu, pampu, ndi kachitsulo kolumikizira tcheni, izi zisatsale.

Koyenda n'kwambiri. Tsiku loyamba ndingakulangizeni kuyambira pa Ku Chawe, kudutsa pa damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba, kukwera motsata mtsinje mpaka pa Williams Falls, kenako Chagwa Dam, n'kukathera ku Queen's View ndi Emperor's View. Malo awiriwa ali pafupi, m'mphepete mwa phompho la kum'mawa. Loyambalo linatchedwa dzina chifukwa cha mayi ake a Mfumukazi Elizabeth II omwe anafikapo mu 1957, linalo chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia yemwe anaimapo mu 1965, n'chifukwa chake ma Rasta amapakonda. Kukakhala kowala mumaona tauni yonse pansi panu, nyanja ya Chilwa, ndi Mulanje uko atatsekereza kumwamba. Khalani pansi mudye zomwe mwatenga, koma chikwama musachisiye poyera ngati anyani ali pafupi.

Chingwe's Hole ili mbali ina, kumadzulo, ndipo ndi ulendo wautali komanso msewu wake ndi wovutirapo. Dzenjelo palokha si lochititsa kaso kwenikweni, ndi phanga lozama lobisika m'mitengo, lomwe akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu. Chokoma ndi kuima m'mphepete n'kuona chigwa cha Shire chitayalidwa pansi. Kumeneko musapite nokha. Ndipotu phiri lonseli ndi bwino kukhala awiri kapena atatu, chifukwa netiweki imasowa m'zigwa zina, ndipo misewu ya odula mitengo imagawikana popanda zikwangwani. Pomwe chaka chatha panali nkhalango mutha kupeza zitsa zokhazokha, ndiye chizindikiro chomwe mnzanu anakuuzani chapita ndi macheka. Tsitsiranitu mapu mu foni muli kunyumba. Pafupi ndi Ku Chawe pamakhala anyamata olondolera alendo omwe amalidziwa phirili ngati chikhatho chawo. Kambiranani mtengo musananyamuke, ndipo ngakhale simuyenda nawo, afunseni msewu womwe wakokoloka kapena komwe akudula sabata imeneyo. Potato Path muisiye, ndi njira ya miyendo yotsetsereka kwambiri, si ya njinga yanuyo.

Nyengo yabwino kwa ine ndi kuyambira May mpaka August. Mvula imakhala itasiya, nthaka yauma koma fumbi silinachuluke, mapiri akuoneka bwino. Kungoti kumazizira. Nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo chiperoni chikabwera mu June kapena July nkhungu imatseka moti munthu wa pa mamita 20 simumuona. Mumakwera mukutuluka thukuta, potsika mphepo n'kukulowani m'mafupa, zala osathanso kufinya buleki. Tengani jekete yopepuka yotchinga mphepo ndi magolovesi. Dzuwa nthawi imeneyo limalowa isanakwane 6 koloko, ndiye pofika 3 koloko muzikhala mukubwerera. September ndi October kumatentha, utsi wa moto wolusa umabisa zonse zomwe munapitira kukaona, ndipo mukaona moto kutsogolo bwererani, m'paini umathamanga kuposa inu. M'dzinja dothi lofiira lija limamata pa matayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira, makamaka pa njinga ya gravel yomwe mpata wa pakati pa tayala ndi felemu ndi wochepa.

Wina watchula Nyika. N'zoona, kumeneko ndiye kuli bata lenileni, ndipo kuzungulira malo ogona alendo a Chelinda umapalasa ukuona mbidzi ndi nchefu. Koma ndi paki ya nyama yokhala ndi malamulo ake, ndipo kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wofuna tchuthi ndi thumba lonona. Zomba ndi makilomita osakwana 70 pa M3, mutha kunyamuka m'mamawa n'kudzagona kwanu.

Madzi tengani mabotolo awiri, ndi ndalama zapamanja zing'onozing'ono. Pobwerera mudzapeza ana ndi anyamata m'mbali mwa msewu akugulitsa sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya. Mugule mukamatsika, osati pokwera. Ine ndinagula m'mawa n'kuika m'thumba la kumsana kwa malaya, pofika ku Chagwa zinali zitasanduka jamu, ndipo mnzanga anakuwa poganiza kuti ndavulala.