Kwa asisi ofuna nyimbo zakale za ku Japan za maluwa a sakura

Asisi amene mwafunsa zoti mukufuna nyimbo zachikale za ku Japan zokamba za maluwa a sakura, a mitengo ya cherry, zoti muzimvera nyengo yake ikafika, koma mukasaka pa YouTube akungokupatsani mavidiyo a maola ndi maola a piyano ndi madzi oyenda, zogonetsa tulo zija, imani ndikuyankheni ngakhale zitalika pang'ono. Zimene zija si zachikale ayi, zambiri ndi anthu a masiku ano angopanga pa kompyuta n'kuikapo chithunzi cha maluwa basi. Zenizenizo zili ndi mayina ake, ndipo zimayendera chida chomwe akuyimbira, ndiye mukadziwa zida zake kusaka kumaphweka.

Yambani ndi Sakura Sakura, palibe kuchitira mwina, mwinanso munaimvapo kale mu filimu kapena mu anime osadziwa kuti ndi iyoyo. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi ya zaka chikwi koma ayi, inatchuka chakumapeto kwa nthawi ya Edo, zaka za m'ma 1800, ngati nyimbo yophunzirira ana koto. Koto ndi chida chachitali pafupifupi masentimita 180, cha thabwa la mtengo wotchedwa kiri, chili ndi nsambo 13, amachigoneka pansi n'kumachikhwacha ndi tizikhadabo tovala ku zala zitatu, tingoti bangwe wamkulu wolemekezeka. Mawu a nyimboyi anasindikizidwa mu 1888 m'buku la nyimbo za koto la sukulu ya nyimbo ya ku Tokyo, kenako mu 1941 unduna wa maphunziro unasintha mawu ena kuti ana a ku pulayimale azimva msanga, ndiye mukamva oyimba awiri akusiyana mawu musati wina walakwitsa, onse ali bwinobwino. Nkhani yake ndi yochepa, munthu wawona maluwa mpaka pomwe maso alekezera, sakudziwa ngati ndi nkhungu kapena mitambo, ndiye akuitana anzake kuti tiyeni tikaone. Koma mverani mmene imamvekera, ngati munthu akuitanira anzake ku chisangalalo misozi ili m'maso. Chifukwa chake ndi manotsi, amagwiritsa 5 okha ndipo ena ndi oyandikana kwambiri, ndiye khutu limamva kachisoni ngakhale mawu ali achimwemwe. Puccini wa ku Italy anatapako kachigawo kake n'kuika mu sewero lake loyimba la Madama Butterfly la 1904.

Ikakukomerani sakani ya Michio Miyagi, amene mu 1923 anatenga Sakura Sakura yomweyo n'kuitambasula, kuibwereza m'njira zosiyanasiyana pa makoto angapo, pena pang'onopang'ono pena mothamanga mpaka kudabwa kuti zala za munthu zingathe zimenezo. Bamboyu anasiya kuona ali mwana, ndipo ndi yemwe anapanga koto wa nsambo 17 wa mawu a besi. Ali ndi ina yotchuka kuposa, Haru no Umi ya 1929, ya koto ndi shakuhachi, chitoliro cha nsungwi cha mabowo 5. YouTube ikukankhirani imeneyo ndithu, ndi yokoma, koma dziwani kuti ikunena za nyanja osati maluwa, ndipo eni ake ku Japan akaimva amaganiza za chaka chatsopano chifukwa ndi nthawi yomwe imalira m'mashopu ndi pa TV.

Tsopano kwa ine zokoma zenizeni zili ku shamisen, ndipo ndi kumene anthu ambiri safikako. Ichi ndi chida cha nsambo 3 cha khosi lalitali, amachimenya ndi chipande chachikulu chotchedwa bachi, chinafika ku Japan zaka za m'ma 1500 kuchokera ku zilumba za Okinawa. Apa ndi pomwe mupeze nyimbo zofotokoza nkhani zomwe mukufunazo. Pali tinyimbo tatifupi totchedwa hauta, ta m'nyumba za ma geisha, akazi osangalatsa alendo ndi nyimbo ndi kuvina, ndi m'malo omwera, ngati Ume wa Saita ka, yomwe imayamba ndi kufunsa ngati maluwa a ume, mtengo wa zipatso zonga ma plum, atuluka ndipo ngati a sakura sanayambebe, poti ume ndi amene amatsogola kuphuka chisanu chisanatheretu. Koma musanamizike kuti akukamba mitengo yokha, ndi nyimbo ya zibwenzi ndi mtima wosakhazikika, yoyimba mokhala ngati ukuseka. Ndiye pali zazitali zotchedwa nagauta, za m'masewero a kabuki, zisudzo zachikale za ku Japan zoyimba ndi kuvina, oyimba ndi a shamisen atakhala mzere, ng'oma ndi chitoliro zili patsogolo pawo. Sakani Genroku Hanami Odori, ya 1878, inapekedwa ndi Kineya Shōjirō wachitatu. Ikujambula khamu la anthu a nthawi ya Genroku, 1688 mpaka 1704, atatchena kupita kukaona maluwa, ndipo mulibe chisoni mmenemo, ndi phokoso, mowa, kuvina ndi kudzionetsera zovala. Ndimaikonda chifukwa ndi yomwe ikufanana ndi hanami weniweni, mwambo wawo wokaona maluwa uja, omwe si kukhala chete kumasinkhasinkha ngati mmene mavidiyo aja amationetsera koma kuyala mphasa pansi pa mtengo, kudya, kumwa mowa wawo wa mpunga wotchedwa sake mpaka ena kugona pomwepo.

Ina ya nagauta ndi Kyōganoko Musume Dōjōji, inaonetsedwa koyamba mu 1753. Iyi musangomvera, onerani, makamaka mukapeza ya Bandō Tamasaburō, mwamuna wovina mbali za akazi. Siteji yonse ndi maluwa a sakura, mtsikana wabwera ku kachisi wa Dōjōji tsiku lokhazikitsa belu latsopano, akuvina n'kumasintha zovala kangapo pamaso panu, nyimbo zikunena za chikondi ndi nsanje, kumapeto kwake wakwera pa belu n'kudziulula kuti ndi mzimu wa mkazi wa m'nthano yakale amene anasanduka njoka n'kuwotcha mwamuna yemwe anamukana, mwamunayo atabisala m'belu. Ndi yayitali ndithu, dikirani muli pa Wi-Fi, apo ayi data ithera pomwepo.

Ziwiri za Rentarō Taki nazo muziike, ngakhale kunena zoona ndi zachikale mwa theka, poti anazipeka motsanzira kayimbidwe ka azungu. Hana ya 1900 ndi yoyimba m'magawo awiri, mawu okwera ndi otsika, pamodzi ndi piyano, ikunena za mtsinje wa Sumida ku Tokyo, mabwato akukwera ndi kutsika, maluwa m'mbali, ndipo ndi yopepuka yoti mutha kuyimba mukuchapa. Kōjō no Tsuki ya 1901 ndi yolemera, imayamba ndi phwando loonera maluwa pa nyumba ya malinga ya mafumu ankhondo, chikho chikuzungulira, kenako n'kufunsa kuti ulemerero umenewo uli kuti lero popeza patsala bwinja ndi mwezi. Mnyamatayu anapita kukaphunzira ku Leipzig, anadwala chifuwa chachikulu, n'kumwalira mu 1903 ali ndi zaka 23 zokha.

Mwina mudabwa kuti bwanji kachisoni kakubwerabwera. Maluwawa sakhalitsa, akatuluka onse pakangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono ayamba kuyoyoka, mphepo ndi mvula zikabwera ndiye msangamsanga. Komanso mitengo yambiri m'matauni ndi ya mtundu umodzi, Somei Yoshino, yochita kumezanitsa kuchokera ku kholo limodzi, ndiye dera lonse imaphuka limodzi n'kuyoyokanso limodzi. Ku Tokyo ndi chakumapeto kwa Malichi, ku Hokkaido mpaka kumapeto kwa Epulo kapena Meyi, ndipo a zanyengo amachita kulengeza, ku Tokyo amakayang'ana mtengo umodzi wosankhidwa wa pa kachisi wa Yasukuni, pakatseguka maluwa 5 kapena 6 ndiye kuti nyengo yayamba. Ndi nthawi yomweyonso ana amatsazikana pomaliza sukulu mu Malichi, chaka chatsopano cha sukulu ndi cha ntchito n'kuyamba mu Epulo, ndiye nyimbo za sakura zimanunkha kutsazikana, ngakhale za masiku ano ngati ya Naotarō Moriyama ya 2003.

Posaka lembani dzina la nyimbo pamodzi ndi mawu oti koto, sōkyoku (kutanthauza nyimbo za koto), hauta kapena nagauta, osati relaxing, mukatero mupeza anthu enieni atagwada ndi zida zawo. Ndipo pali imodzi yoti muchenjere nayo, Dōki no Sakura. Dzina lake likukopani koma si ya pikiniki imeneyo, ndi ya asilikali a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yoyerekeza anyamata okafa kunkhondo ndi maluwa oyoyoka, ndipo imakumbutsa anthu za oyendetsa ndege a kamikaze, amene ankadzipha pogwetsera ndege zawo pa zombo za adani. Kumvera kuti mudziwe mbiri palibe vuto, koma musakaiike pa status ndi timaluwa ndi timitima, makamaka ngati muli ndi anzanu a ku Japan, Korea kapena China.