Mawu aja munamva pa wailesi m'mawa

Mayi ena amene akukhala ku Leeds, ku England, andilembera imelo sabata ino. Akuti akaweruka kuntchito ya usiku, chimene chimawatsitsimula ndi tiyi wamkaka ndi wailesi ya BBC Radio 3 ikulira chapansipansi. Tsiku lina anamva nyimbo yoimbidwa ndi mawu okwera ngati a mkazi, koma muulutsi anati woimbayo ndi bambo, ndipo nyimboyo inapekedwa kuti aimbe castrato. Atafufuza kuti castrato nchiyani, nkupeza kuti ndi woimba wamwamuna amene anafulidwa ali mwana kuti mawu ake asasinthe, mtima unawawawa. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi nkoyenera kusangalala ndi nyimbo imene inachokera ku nkhanza?"

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Bambo amene munamumvayo sanachitidwe chipongwe chilichonse. Masiku ano kulibenso oimba ofulidwa. Nyimbo zawo zimaimbidwa ndi akazi a mawu ozama pang'ono, kapena amuna otchedwa countertenor, monga Philippe Jaroussky wa ku France ndi Andreas Scholl wa ku Germany. Amenewa ndi amuna abwinobwino, anangophunzira kukweza mawu mwaluso. Ambiri a iwo akamayankhula, mawu awo ndi aamuna ngati a wina aliyense.

Koma mbiri imene munawerengayo ndi yoona, ndipo sindikufuna kuibisa. Zinkachitika ku Italy kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Akazi sankaloledwa kuimba m'makwaya a m'tchalitchi, potsatira mmene ankamvera mawu a Paulo akuti akazi akhale chete mumpingo. Komabe nyimbo zinkafuna mawu okwera. Anyamata ankaimba ndithu, kungoti mphunzitsi akangomaliza kuwasula, mawu awo ankasintha. Mpamene panabwera njira yoipayi: kufula mnyamata asanathe msinkhu, monga tifulira tonde, kuti mawu ake asasinthe. Mu 1589 Papa Sixtus V, pokonzanso kwaya ya tchalitchi cha St Peter's ku Rome, anaikamo malo a oimba oterewa.

Thupi la mwana wotere linkakula mwachilendo. Kholingo linkakhalabe laling'ono, koma mafupa ankapitiriza kutalika, nthiti nkutambasuka, chifuwa nkukula. Ndiye taganizani, mawu a mwana akutuluka ndi mpweya wa munthu wamkulu, amene waphunzitsidwa kuimba tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri m'sukulu za nyimbo za ku Naples. Ankatha kukoka liwu limodzi, kuliyamba ngati kunong'ona, kulikweza mpaka kudzaza holo yonse, nkulitsitsanso osapuma. Olemba nyimbo monga Handel ankapeka moganizira luso limeneli. Senesino, mmodzi wa oimba ofulidwawa, ndi amene anaimba ngati Julius Caesar mu opera (sewero loimba) ya Handel ku London mu 1724. Mfumu yankhondo, mawu okwera, anthu nkumaona kuti ulemerero ndi umenewo.

Amene anatchuka kuposa onse ndi Farinelli, dzina lake lenileni Carlo Broschi, wobadwa mu 1705. Mu 1737 anaitanidwa ku Spain kuti azikaimbira Mfumu Philip V, imene inkadwala matenda a nkhawa. Ankaiimbira usiku ndi usiku mpaka mfumuyo inamwalira mu 1746, ndipo sanabwererenso kukaimba m'maholo a anthu wamba. Anafera ku Bologna mu 1782 ali wolemera ndi wolemekezeka.

Chimene chimandipweteka ine ndi ana enawo, amene mayina awo palibe akuwadziwa. Ambiri ankachokera m'mabanja osauka, makolo akuyembekeza kuti mwina mwana adzawatulutsa mu umphawi. Mpeni sunkalonjeza mawu okoma. Ena anafa ndi mabala, ena anakula mawu awo nkukhala wamba, nkumaimba m'matchalitchi ang'onoang'ono moyo wawo wonse, opanda mwayi wokwatira kapena kubereka. Lamulo la mpingo linkaletsa kufula munthu, nchifukwa chake mabanja ankanamizira ngozi, ati mwana anagwa pahatchi, ati analumidwa ndi nguluwe. Aliyense ankadziwa zoona zake, koma poti mawuwo ankakoma, pakamwa panali tsekee. Mchitidwewu unatha pang'onopang'ono, ndipo mu 1903 Papa Pius X analamula kuti mawu okwera m'tchalitchi aziimbidwa ndi anyamata.

Tsono pa funso lanu, ine ndikuti mverani, musazimitse wailesi. Kuzimitsa sikubwezera ana aja chimene analandidwa. Nyimbo zija ndi zimene zatsala pa thukuta lawo, ndipo lero zikuimbidwa popanda mwana aliyense kukhetsa magazi. Chimene ndingakane ndi kumvera ngati sitikudziwa, kapena kumadandaula ngati mmene ena amachitira kuti "mawu enieni aja anatha." Atheretu ndithu.

Ndiponso musapeputse kam'mawa kanuko. Munthu amene wagwira ntchito usiku wonse kudziko la eni, kuzizira kuli tsoo, ayenera kukhala ndi kanthawi kakekake. Kwathu kuno ambirife tinakulira momwemo: tsache likulira pabwalo, madzi akuwira pambaula, mbatata yootcha ikusendedwa ndi zala zikupsa, wailesi ya MBC ili pakhonde. Ubwino wa wailesi ndi woti siikufunsa chimene ukufuna. Imangokupatsa, ndipo nthawi zina imakupatsa chinthu chimene sukanachisaka wekha, monga zakuchitikirani inumu. Pa foni timangosankha zomwe tikuzidziwa kale.

Ngati mukufuna kumva mawu a castrato weniweni, alipo mmodzi yekha amene anajambulidwa akuimba payekha: Alessandro Moreschi wa kwaya ya Papa ya Sistine Chapel ku Rome, mu 1902 ndi 1904. Nyimbo zake zikupezeka pa YouTube. Makina a nthawi imeneyo anali osalongosoka, phokoso ndi lambiri, ndipo kaimbidwe kake kamamveka ngati kulira, moti ena amakhumudwa poyamba. Ameneyo musamumvere mutatopa ndi ntchito ya usiku. Dikirani tsiku limene mwapuma. Kenako mudzapeze chimbale cha Cecilia Bartoli cha 2009 chotchedwa Sacrificium. Mayi ameneyu anasonkhanitsa nyimbo zimene zinapekedwera oimba ofulidwa nkuziimba yekha, ndipo kabuku kamene kamabwera ndi chimbalecho kamafotokoza zimene ana aja anakumana nazo.