Funsani Dokotala: Chionereni kadamsana, mwana wanga akuona kadontho kakuda

Adokotala, tsiku la kadamsana ndinaitana ana anga ndi a anansi athu kuti tidzaonere limodzi pabwalo. Ndinatunga madzi m'beseni monga ankachitira amayi anga, tonse n'kumaonera dzuwa m'madzimo. Mnyamata wanga wa zaka 11 ndiye anakhalitsa pabesenipo, ndipo ndikuganiza kuti ankabanso n'kumayang'ana kumwamba. Tsikulo sanadandaule kanthu. Kutacha anayamba kunena kuti akamawerenga, pakati pa mawu pakumakhala kadontho kakuda. Papita masabata awiri. Ndikumudontheza mankhwala a m'maso ogula, ndipo apongozi akuti tiyese mkaka wa m'mawere. Kodi mwana wanga achita khungu?
Mayi wa ku Dedza

Mayi, khazikani kaye mtima pansi. Vuto limene mwafotokozali kawirikawiri silichititsa munthu khungu la mdima wokhawokha. Limagwira pakati pa zimene munthu akuyang'ana, koma m'mbali amaona bwinobwino. Ambiri kadonthoko kamanka kachepa pakapita masabata kapena miyezi ingapo, ngakhale ena kamawatsalira pang'ono mpaka kalekale. Mwana wanu ali mbali iti, sindinganene ndisanamuone m'diso.

Ndikuonanso kuti m'kalata yanuyi mukudziimba mlandu chifukwa ndinu munaitana anawo ndi kutunga madzi. Munachita zimene munaphunzira kwa makolo, pofuna kuwateteza. Cholakwika ndi nzeru ya beseniyo, ndipo ndikufuna tiikambe bwino chifukwa yafala kwambiri.

Anthu amati madzi amaziziritsa dzuwa. Ayi ndithu. Madzi odekha ali ngati kalilole. N'zoona kuti amabweza gawo lochepa la kuwala, mwina magawo awiri pa 100 alionse dzuwa likakhala pamutu, koma dzuwa n'lamphamvu kwakuti kuwala kobwezedwako n'kochulukabe kutalitali kuposa zimene diso lingapirire. Choopsa cha beseni n'chakuti limachepetsa kuthobwa. Tsiku wamba mukayang'ana dzuwa, maso amatsinzina okha musanaganize n'komwe, ndipo n'chimene chimatiteteza. Pabeseni kapena pa kadamsana chitetezo chimenechi chimagona, mwana n'kumangoyang'anitsitsa mphindi zambiri ali mwee, osamva kanthu.

Kusamva ululuko n'kumene kumapusitsa makolo. Kumbuyo mkati mwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira zithunzi. Diso limasonkhanitsa kuwala konse pa kamalo kamodzi ka retinayo, komwe timawerengera ndi kuzindikirira nkhope za anthu. Kachikopaka kalibe mitsempha yomva ululu. Kangavulale masana, mwana n'kudya nsima yake bwinobwino madzulo, zizindikiro n'kudzaoneka patapita maola angapo kapena m'mawa mwake, ndendende mmene zachitikira kwanuko. Magalasi akuda ogula pamsika, botolo la mowa, galasi lofukiza utsi wa kandulo ndi filimu ya X-ray, zonsezi vuto lake n'lomweli la beseni.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, Mayi, monga mlongo wanga. Masabata awiri ndi ambiri kwa mwana amene akuti sakuona bwino. Ndipo mankhwala mukudonthezawo anakulemberani ndani? Odontheza safika pamene pali vutoli. Ena a iwo ali ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, amene akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda woyang'anira angathe kukweza mphamvu ya madzi a m'diso n'kuwononga mtsempha woonera, kapena kuyambitsa ng'ala. Lekani lero, koma botololo musataye. Apongozi auzeni mwaulemu kuti adokotala akana. Mkaka wa m'mawere, madzi a masamba ndi zina zotero zikalowa m'diso zimatha kubweretsa majeremusi, mwana n'kukhala ndi chilonda pamwamba pa diso limene kunja kwake kunalibe vuto.

Mawa lomweli mupite naye kuchipatala cha boma n'kupempha kuonana ndi a zamaso. Tengani botolo lija ndi buku lake la kuchipatala. Akamuwerengetsa zilembo diso lililonse palokha, mwina n'kumuthira mankhwala okulitsa mwana wa diso kuti aone mkati. Akatero aziona mwachimbuuzi kwa maola angapo, musadabwe. Pakafunika, adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku chipatala cha Nkhoma, komwe kuli madokotala a maso.

Mwina mufunsa kuti ngati palibe mankhwala ochotsa kadonthoko, ulendowu ndi wa chiyani. Choyamba, ife tonse tikungoganiza kuti ndi dzuwa. Kadontho pakati pa diso kangabwerenso ndi matenda ena a retina amene ali ndi mankhwala ake, ndipo amenewo safuna kuchedwa. Chachiwiri, zimene akayeze mawa n'zimene adzayerekeze nazo mukadzapitanso, kuti adziwe ngati diso likuchira. Mukabwerako, kauzeni aphunzitsi ake amukhazike kutsogolo, asamuyese waulesi akamachedwa kukopera za pabolodi. Ana a anansi aja muwafunsenso mmodzimmodzi. Aphimbe diso limodzi n'kuyang'ana mzere wa chitseko, kenako linalo. Amene akuona mzerewo wopindika kapena woduka pakati, mupite naye limodzi.

Kadamsana musamuthawe, ndi wokongola. Pa 21 June 2001 mzinda wa Lusaka unada bii masanasana, ndipo amene anaona sanaiwale. Wina akadzabwera, funani magalasi ake enieni olembedwa ISO 12312-2, osakalika kapena kubooka. Akasowa, boolani kabowo kakang'ono pakatoni, mufulatire dzuwa, kuwala kudutse pabowopo kugwere pansi. Kapena khalani ndi anawo pansi pa mtengo wa mango muyang'ane pamthunzi, mudzaona timadzuwa tambirimbiri tooneka ngati mwezi wongokhala kumene.